Malimu Amene Abambo Anakwirira M'dimba

Ine ndi abambo anga nyumba imodzi sinkatikwana. Iwo anali munthu wodekha mpaka kukutopetsa, ine ndine waphuma chibadwire, ndiye nkhani iliyonse pakati pathu inkathera m'mwamba. Tsiku limene ndinanyamuka kwathu ku Tsangano, kuseri kwa malire a Malawi, kupita ku Halale sanandiperekeze ngakhale pamsewu. Anali chagada kunsi kwa galimoto yawo, miyendo yokha ikuonekera, ndipo nditati, "Abambo, ine ndapita," anayankha ali komweko kuti, "Tandipatsira sipanala iyo usanapite." Ndinawapatsira, n'kunyamula kachikwama kanga.

Galimotoyo inali Pijo yakale, ya bodi kumbuyo. Abambo anali motolisita, dalaivala wa Mpwitikizi wina mwini loja, sitolo yaikulu, ankamunyamulira mbatatesi ndi nyemba kuchokera m'midzi, ndipo munthuyo pobwerera kwawo anawasiyira makiyi. Kuyambira pamenepo ukafuna kuwayamba dala unkangotsamira chitseko chake. Amayi asanatisiye ankakonda kunena kuti mkazi wamkulu pakhomo paja ndi amene amagona panjayo, iwo ndi wachiwiri.

Nkhondo nthawi imeneyo inali idakali ya m'makutu. Tinkamva kuti kwakutikwakuti awotcha basi, kwakutikwakuti atseka msewu, koma kwathu anthu ankalima ndi kukwatirana monga kale. Choncho sindinganame kuti ndinathawa nkhondo. Ndinachoka chifukwa matako anga sankagwira pansi, basi. Ndinasiya abambo ndi mlongo wanga wamng'ono, Selestina, amene anali atangokwatiwa kumene pamudzi pomwepo.

Ku Zimbabwe ndinayambira pafamu ya fodya, koma sindinathe nyengo, ndinayambana ndi kapitawo. Ndinasenzako matumba pamsika, ndinalonderako nyumba ya munthu, konseko ndinkachoka nditakangana ndi wina. Tsiku lina pamsika wa Mbare ndinamva munthu akulalatira wogulitsa malalanje m'chinenero chakwathu, matukwano enieni akumudzi osakaniza ndi Chipwitikizi. Ndinamugwira mkono osamudziwa. Anali a Jasinto, a ku Furancungo kwa Macanga, bambo wamfupi wa zikhatho ngati makasu, amene anabwera ku Halale ine ndikadali kusukulu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Wa ku Tsangano? Ndiye umadziwa kukumba mbatatesi basi. Tiye ndikakuphunzitse kukumba dzimbiri."

Ankagwira ntchito pa ofisina, galaja ya mzungu wina wokalamba amene tinkangomutcha Patarau. Munthuyo sankakonza magalimoto a masiku ano. Anthu olemera ankamubweretsera zigoba zakalekale, zina zochita kukoka kuchokera m'mafamu nkhuku zitaikiramo mazira, ndipo iye ankazidzutsa mpaka kuoneka ngati zangotsika kumene m'sitima. Gawo la a Jasinto, limene linakhala langanso, linali malimu, zitsulo zozungulira zimene tayala limavalapo zija. Eni magalimoto ena ankafuna kuti tiwavekere mawilo atsopano onyezimira, koma Patarau ankakana kwamtuwagalu. Ankati galimoto iziima pa miyendo imene inabadwa nayo, amene sakufuna atenge chigoba chake apite nacho kwina. Ndiye ife tinkazungulira m'mabwinja a magalimoto kusaka limu lenileni la mtundu umenewo, nthawi zina n'kukalipeza kwa mayi wina amene walisandutsa mbaula.

Limu likabwera umayamba walivula tayala, n'kulipachika pa waya n'kuligogoda ndi nyundo. Lamoyo limalira nthawi yaitali, losweka limangoti phwa ngati wamenya chikho. Kenako umalipala ndi bulashi ya waya ndi sandipepala mpaka chitsulo chiyere, makamaka mkati momwe mumagona chubu, chifukwa madzi amabisala m'menemo. Umayang'ana mabowo a mabawuti ngati sanakule, ndi mlomo wa limu ngati sunapindike. Ukatero umalimanga pagalimoto yokwezedwa n'kulizunguza, choko uli nacho m'manja pafupi ndi mlomowo. Pamene choko chakhudza ndi pamene papindika, ndipo umawongola ndi nyundo ndi chipika, pang'onopang'ono, n'kuzunguzanso. Penti imabwera komaliza.

Pang'onopang'ono ameneyo ndi amene ankandipha ine. Ndinkafuna kupala pamwamba pokha n'kuthamangira penti. A Jasinto ankadutsitsa chala mkati mwa limu n'kundilozetsa chala chofiiracho kumaso. "Dzimbiri ukalibisa ndi penti lili ngati mlendo amene wamubisa kuchipinda," ankatero. "Tsiku lina atsokomola. Yambiranso." Ndinkaponya bulashi pansi, kutuluka panja, kuzungulira mpanda wonse, n'kubwerera kudzaitola. Iwo osatekeseka n'komwe, akung'ung'udza nyimbo zawo za kutchalitchi.

Tinkagona m'kachipinda kuseri kwa ofisina, pakati pa matayala akale, fungo la mphira mpaka m'bulangeti. Mvula ikagwa tinkasuntha mphasa kutsata pouma. Lamlungu a Jasinto ankatsegula wailesi kusaka mawu akwathu, koma ikangoyamba za nkhondo ankaitseka okha. Mkazi wawo ndi ana anali ku Furancungo, ndipo panali patapita nthawi osamva kalikonse. Sankawatchula. Koma akagula sopo ankagula mitanda iwiri, wina n'kuika m'sutikesi, mpaka sutikesiyo inayamba kukana kutsekeka.

Ine ndinkatumiza mabulangeti, shuga ndi nsalu za Selestina kudzera kwa madalaivala a malole opita ku Malawi, kuti akasiye kwa achibale athu a tsidya la Ntcheu, poti kuchoka kumeneko kufika kwathu ndi ulendo wapansi wa m'mawa umodzi. Poyamba mawu ankabwera akuti zafika. Kenako anasiya kubwera. Ndinkadzitonthoza kuti madalaivala ndi akuba, koma mtima unali m'mwamba, ndipo nyundo inayamba kugwera pachala m'malo mwa pachitsulo.

Mawu anabwera ndi dalaivala mmodzi wa omwewo. Anaima pageti injini osazimitsa. "Mudzi wanu wonse uli ku Malawi, ndawaona m'misasa ya udzu," anatero. "Koma akuti mdala wagalimoto uja wakana. Adakali komweko ndi mwana wake wamkazi."

Ndinabwerera mkati n'kugwira limu limene ndinkapala. A Jasinto anandilanda bulashi. "Iwe ukudziwa kumene ali anthu ako," anatero. "Ine sindikudziwa. Ukudikira chiyani?" Anandimangira nyundo, zitsulo ziwiri zovulira matayala ndi bulashi ya waya m'chisaka, akuti ku Malawi nakonso kuli magalimoto, munthu wa ntchito yamanja sayenda chimanjamanja. Kenako anatsegula sutikesi ija n'kutulutsamo sopo wambiri ndithu. Ndinakana, koma anandikankhira pachifuwa. "Ukamupatse mlongo wakoyo. Sopo sasungira munthu chakukhosi."

Ndinakwera lole ya m'koluna, mdipiti wa magalimoto umene unkadutsa ku Tete ndi asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. M'mbali mwa msewu munali zigoba zamalole opsa, ndipo taonani uchitsiru wa ntchito: anzanga ankawerama kubisa mitu, ine maso ankathamangira ku malimu, kuona ngati moto unawapinda. Nditafika ku Malawi ndinapeza achibale m'misasa muja, ndi ana awiri a Selestina amene sindinkawadziwa. Bambo wawo, mlamu wanga, anatengedwa ndi anthu amfuti kuti akasenze katundu ndipo sanabwerenso. Aliyense amene ndinamufunsa za abambo ankapukusa mutu. Ndinagona kumeneko kamodzi, m'mawa mwake n'kulowa m'njira zachidule zimene ndinkadutsa ndili mnyamata.

Pamudzi udzu unali utamera mpaka pamakomo. Sukulu inali yopsa. Ndinapeza Selestina akusinja kuseri kwa nyumba, atakulunga nsanza kumunsi kwa munsi kuti usamveke patali. Ndinamusiya mtsikana wa masaya, ndinapeza mayi wouma wa maso akuthwa. Sanandithamangire. Anaika munsi pansi n'kunena kuti, "Mwabwera, achimwene."

"Ndabwera. Mabulangeti ankafika?"

"Ankafika. Koma bulangeti silitunga madzi, silitembenuza wodwala. Lowani mukawaone."

Abambo anali pamphasa, miyendo yatupa ngati mitanda ya nthochi, osatha kuima. Mutu wokha unali womwe uja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wanenepa. Akukudyetsa bwino azungu." Ine sindinachedwe ndi moni. Ndinawauza kuti mawa tipanga machila, tiwanyamule tiwolokere ku Malawi.

"Wonyamulidwa pamachila ndi maliro," anatero. "Ine sindinafe. Ndayendetsa anthu m'misewu yonse ya dziko lino, mpaka ku Ntengo-Wambalame, mpaka ku Furancungo. Ndikalowe m'dziko la eni ndikulendewera pamtengo ngati nkhumba yopita kumsika? Ndichoka pano pagalimoto yanga, apo ayi ndikhala."

Magazi anandikwera. Ndinawauza kuti galimoto yawoyo ndi imene idzaphetse mwana wawo, kuti adzukulu awo akulira amawo tsidya lija, ndi zina zimene sindingabwereze. Iwo anangotembenukira kukhoma. Panja Selestina anandikokera pambali. "Mukuganiza kuti sitinayese? Anthu asanachoke tinawanyamula mokakamiza. Anagwira mzati wa khonde mpaka zikhadabo kuchoka magazi, ndipo titawabweza anakana kudya mpaka ndinachita kugwada. Ine sindingawasiye, achimwene. Koma amfuti akabweranso, ulendo uno atenga ine." Anayankhula zimenezo mosakweza mawu, ndipo zinandiopsa kuposa akanalira.

Ndinapita kukaiona galimotoyo. Inali kuseri kwa khola, itakhala pamiyala, yofunditsidwa mapesi ngati nkhokwe. Batire anatenga amfuti, mafuta munalibe ndi dontho lomwe, ndipo inalibe mawilo. Selestina anandifotokozera kuti nkhondo itayandikira abambo anachotsa okha mawilo onse, kuti aliyense wobwera aone chigoba chopanda ntchito. Nzeru imeneyo inagwira, chifukwa magulu onse awiri omenyana pankhondoyo anafika, anasuzumira, n'kuisiya. Limu lapadera analipereka kalekale kusukulu kuti likhale belu, ndipo linasowa sukuluyo itapsa.

Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Injini sikanalira, koma kuchoka kwathu kupita kumalire njira yambiri ndi yotsetsereka. Galimoto ya mawilo ikhoza kukankhidwa. Ndinabwerera m'nyumba n'kufunsa kuti mawilo ali kuti.

Kwa nthawi yoyamba abambo anamwetulira. Matayala anali patsindwi, akuda bii ndi mwaye. Manati anali m'kachitini ka mafuta kunsi kwa mphasa yawo, osamalidwa ngati mankhwala. "Nanga malimu?" ndinafunsa.

"M'dimba, kumunsi kwa nthochi. Asilikali amakumba pakhomo, sakumba m'dambo."

"Abambo, mwakwirira chitsulo m'madzi?"

"Chitsulo sichiwola," anatero, monyadira ndithu.

Ndinatuluka ndikulalata, ndipo chimene chinali pakamwa panga sichinali cha mwana kwa bambo wake. Anthu akwathu anakwirira zambiri nthawi imeneyo, njinga, makina osokera, mapoto, ndipo ambiri anasankha m'madimba pa chifukwa chomwecho. Ankaganiza za asilikali, za dzimbiri ayi.

Tinakumba ine ndi Selestina, matope mpaka m'mawondo. Malimu anatuluka ngati zigumu za dothi lofiira, osadziwika kuti kutsogolo n'kuti. Ndinawatsuka pamtsinje, n'kuwapachika limodzilimodzi panthambi ya pichesi. Kugogoda kunali koopsa, chifukwa kulira kwa chitsulo kumapita kutali, ndiye ndinkamenya kamodzi kokha, khutu pafupi, n'kuligwira msanga. Atatu analira. Lachinayi, limene linagona pansi pa anzake, linangoti phwa.

Ndinayamba kupala. Bulashi ya a Jasinto inatha mano limu lachiwiri lisanathe, ndiye ndinapitiriza ndi mchenga, zidutswa za njerwa ndi mwala wonolera. Zala zinang'ambika. Kukamveka galu kapena mbalame zikabalalika kuphiri, tinkaponya zonse m'udzu n'kukabisala m'chimanga chouma, abambo okha n'kutsala m'nyumba, kenako n'kubwerera kudzayambiranso. Mtima unkandiuza kuti ingomanga momwemo tizipita, koma ndinkadziwa kuti mlomo wa limu ukakhala ndi zikang'a udya tayala tisanafike patali, ndipo matayala enawo tikanawatenga kuti? Ndiye ndinapala mpaka chitsulo kuyera, ndikutukwana chamumtima.

Abambo analamula kuti tiwakokere pakhonde ndi mphasa yawo kuti aziona. Ndiye kunali kulangiza. "Usamenye pamenepo. Ukuliwononga." Tinakweza galimoto ndi mtengo wautali poti jeke anaba, ndinamangapo limu n'kulizunguza, khala lamoto lozima m'malo mwa choko. Iwo ankayang'ana mmene khala likusiyira mzere wakuda pamene papindika, ndi mmene ndinkawongolera ndi chipika. Nditamaliza limu loyamba anati, "Talizunguzanso." Linazungulira mowongoka bwinobwino. "Hm," anatero. Kwa abambo anga limenelo linali thokozo lalikulu, ndipo ndinadabwa kuti linandikoma.

Penti kunalibe, ndiye Selestina anatenga mafuta a nsatsi n'kudzoza malimuwo ngati akudzoza mwana. Machubu anali atafumbwa, ongothothoka m'manja, choncho tinapakira udzu wouma m'matayala, kuusindira ndi munsi mpaka kulimba. Koma lachinayi lija linandidetsa nkhawa. Nditalipala, pamene mkombero umalumikizana ndi mbale yapakati panatsala chitsulo chopyapyala ngati chitini, ndi timabowo toonekera kuwala. Ku Halale limu lotere tinkaponya kudzala osaganiza kawiri. Ndinawauza abambo mosabisa kuti limeneli silifika.

"Liike kumbuyo kumanzere," anatero. "Ine ndimakhala kutsogolo. Kumbuyo kulibe katundu."

Koma katundu anabwera. Anthu awiri sakanatha kukankha galimoto pachikweza, ndipo pamudzi panali patatsala anthu ochepa obisala m'mapanga ndi m'madimba: amayi angapo, ndi a Anderiya, mphunzitsi amene ankagona m'tchire chifukwa aphunzitsi ndi amene amfuti ankayamba kufunsa. Atamva zimene tikukonza anatulukira mmodzimmodzi. Anavomera kukankha, koma aliyense anali ndi thumba la nyemba kapena la mbatatesi lofuna kukadyetsa ana tsidya lija. Ndinakana, ndinawaonetsa limulo, ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. Mayi wina anangondifunsa kuti, "Ndiye tikankhe bambo anu, ana athu akadye chiyani?" Ndinaunjika matumba kumbali yamanja momwe ndikanathera.

Tinanyamuka m'mawa kuli chifunga, chifunga cha kwathu chija chobisa munthu ali pafupi. Abambo anavala jekete lawo la ntchito ndi chipewa. Pokwera anakana kunyamulidwa, anadzikoka okha ndi manja kuchoka pampando umene tinaika pakhomo la galimoto, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho. Atagwira chiwongolero nkhope inasintha. "Tiyeni," anatero, ngati akulankhula ndi anyamata a pa loja.

Msewu waukulu tinaupewa chifukwa cha mabomba okwirira. Tinatsata njira ya ngolo, ndipo a Anderiya ankayenda patsogolo kuyang'ana pamene ng'ombe ndi anthu anapondapo kale. Pachikweza tinkakankha tonse, mapewa pabodi, osalankhula. Pamtsetse tinkagwira zingwe kumbuyo kuti isathawe, abambo akukoka buleki yamanja, poti yamwendo inauma kalekale. Matayala audzu ankalira ngati munthu akutafuna nzimbe. Nthawi ina kuseri kwa phiri kunamveka mfuti, kawiri kapena katatu, ndipo tonse tinaima chilili. Abambo anatulutsa mutu pawindo. "Zili kutali zimenezo. Kankhani." Tinakankha, ndipo kunena zoona mawu awowo ndi amene anatilimbitsa mawondo.

Ine ndinkayenda pambali pa wilo lakumbuyo kumanzere, maso pomwepo. Linayamba kugwedezeka titadutsa mtsinje woyamba. Kenako linayamba kulira, kakulira kosamveka kwa ena, koma ine ndinkakamva m'mano. Ndinauza amayi aja kuti atsitse matumba awiri asenze pamutu, ndipo anasenza. Chifunga chinatha, dzuwa linatentha, ndipo titakwera chikweza chomaliza tinaona tsidya lija mzere wa mitengo ya bulugamu, utsi wa m'misasa, ndi lole ikudutsa pamsewu wa ku Malawi. Selestina anagwira pakamwa. Panatsala mtsetse umodzi ndi dambo.

Limu linathyoka pakati pa mtsetsewo. Tayala linagunda mwala wobisika m'udzu, panamveka kuti thwa, mkombero unasiyana ndi mbale yake, ndipo galimoto inakhala pansi chakumbuyo, matumba n'kugubuduka. Ndinagwada kuyang'ana ngakhale ndinkadziwa kale. Panalibe choti nyundo ingachite.

Anthu aja anadikira pang'ono, mwaulemu, kenako anayamba kusenza katundu wawo. Sindikuwada, ana awo anali pafupi. A Anderiya anafuna kutsala kuti tithandizane, koma Selestina anawauza kuti apite. Tinatsala atatu pamtetete, poonekera kwa aliyense amene akanakhala paphiri.

Abambo anali adakali chigwirire chiwongolero, maso kutsogolo. Ndinaima pawindo. Mawu onse aukali amene ndinali nawo anali okonzeka, akuti ndinakuuzani, akuti chitsulo chimawola, akuti tsopano tifera pano chifukwa cha inu. Koma nditaona zala zawo mmene zinakakamirira pachiwongoleropo, sindinanene kalikonse. Mwina kanali koyamba m'moyo wanga.

"Lathyoka?" anafunsa.

"Lathyoka, abambo."

"Atatuwo?"

"Ali bwino."

"Unawakonza bwino," anatero. Anatembenukira kwa Selestina, amene anali chiimire m'udzu, maso ali ku utsi wa m'misasa kumene kunali ana ake, koma osasuntha phazi. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachotsa makiyi, ngakhale panalibe chimene ankatsegula, n'kuwaika m'thumba la jekete. Anatsegula chitseko okha.

"Tembenuka," anandiuza. "Undibereke."

Ndinagwada n'kuwapatsa msana. Anandikoleka manja m'khosi, Selestina n'kutimanga ndi chitenje chake. Nditadzuka ndinatsala pang'ono kugwa chafufumimba, chifukwa ndinakonzekera kulemera kwa abambo amene ndinkawadziwa, munthu wosenza thumba la chimanga ndi dzanja limodzi. Amene anali kumsana kwangayo anali mafupa ndi jekete, kulemera kuli m'miyendo yotupa yokha. Misozi inanditsika, ndipo ndinathokoza kuti sakanaiona.

Titayenda pang'ono anandimenya paphewa. "Waika mwala kutayala?"

"Abambo, galimoto ya mawilo atatu ipita kuti?"

"Pamtsetse sipasiyidwa galimoto yopanda mwala. Kumunsiku kumadutsa anthu."

Ndinayang'ana Selestina, ndikuganiza kuti ulendo uno aphulika. Iye anangomasula chitenje. Ndinawakhazika paudzu, ndinakweranso mtundawo chothamanga, ndinasaka mwala wabwino n'kuukhomera kutsogolo kwa tayala, wina kutsogolo kwa linzake. Malimu atatu aja ankanyezimira ndi mafuta a nsatsi padzuwa. Ndinatsekanso chitseko chimene anasiya chotsegula, n'kubwerera kudzagwada.

"Waika?"

"Ndaika iwiri."

"Tsopano tiye," anatero. "Koma usathamange, ukundigwedeza."

Tinawoloka dambo dzuwa lisanapendeke. Selestina anatisiya tisanafike pamabulugamu, anathamanga akuitana maina a ana ake. Ulendo wonsewo abambo sanacheuke ngakhale kamodzi. Amene ankacheuka ndine.